Choloŵa Chopanda Nsembe

Mlendo akafika pamudzi kudzapempha malo, akuluakulu sathamangira kumuloza pomanga. Amayamba amufunsa kumene wachokera, dzina la mfumu yake, ndiponso mfunda kapena chiŵongo chake, kuti adziŵe ngati ali mbale, msuweni kapena munthu woyenera kumpatsa mbeta. Mau achilendo nawonso amafika pakati pathu kudzapempha malo, koma iwo timangoŵalandira osaŵafunsa kanthu. Limodzi mwa mau otere ndi liu la Chingerezi lakuti "heritage", limene lamanga nyumba kuno kwathu ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka popanda wolifunsa mfunda.

Timakumana nalo pa zikwangwani, pa wailesi ndi m'makalata a boma. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidalemba malo a Lake Malawi National Park, kumene umaloza mseu wopatuka pa Golomoti uja, m'kaundula wake wa World Heritage. Mu 2005 lidalengeza kuti Gule Wamkulu wa Acheŵa a ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mozambique ndi heritage ya anthu onse a pa dziko lapansi. Mu 2006 lidalembanso zojambula za pamiyala za ku Chongoni, kuseri kwa mapiri amene dzuŵa limatiloŵera, malo 127 onse pamodzi. Bungwe limene limatsogolera Acheŵa ku Kulamba limatchedwa Chewa Heritage Foundation, ndipo Angoni a kwa Maseko nawonso adaika liu lomweli m'dzina la bungwe lao.

Omasulira nkhani akafika pa liuli amangoti "chikhalidwe" kapena "miyambo ya makolo", ndipo womva amaganiza za ng'oma, zikopa, nthenga ndi alendo onyamula makamera. Ife tikuti kumasulira kumeneku nkopereŵera, ndipo chimene chatayika m'njira si chaching'ono ai. Liu limeneli lidabadwira pamaliro. Amene aiŵala zimenezi amaiŵalanso anthu amene maliro amaŵasiya, ndipo anthuwo tili nawo m'mudzi uliwonse, kuyambira m'tsinde mwa phiri mpaka kugombe la nyanja.

Kumene lidachokera

Angerezi eniakewo liuli adachita kulandira. Mu 1066 ankhondo a ku Normandy, olankhula Chifalansa, adagonjetsa dziko la England, ndipo kwa zaka zambiri Chifalansa chidakhala chilankhulo cha mafumu, cha eni minda ndi cha mabwalo a milandu. Nchifukwa chake mau ambiri a Chingerezi onena za malo, za milandu ndi za chuma cha akufa ngochokera ku Chifalansa. Cha m'ma 1200 liu la Chifalansa chakale lakuti eritage lidayamba kuoneka m'mabuku a Chingerezi, ndipo linkanena za munda kapena nyumba imene munthu amailandira mwiniwake atamwalira. Afalansa adalitenga ku Chilatini, ku mneni wakuti hereditare, ndipo mneni ameneyu adaphuka pa dzina lakuti heres, ndiye kuti munthu woloŵa m'malo mwa womwalira. Mau a Chingerezi akuti heir, inherit ndi hereditary onseŵa ndi ana a bere limodzi ndi heritage.

Akatswiri ofufuza mizu ya zilankhulo adakumba kupitirira Chilatini, ndipo ambiri mwa iwo amagwirizana kuti chigawo choyamba cha heres chidachokera ku muzu wakalekale wotanthauza kusiya, kapena kutsala wopanda kanthu. Muzu womwewo udaphukanso m'Chigriki, m'liu lakuti chera, ndiye kuti mkazi wamasiye. Agriki adalinso ndi liu lina la mtundu womwewo, lakuti cherostai. M'ndakatulo yakale ya Homer yotchedwa Iliad muli nkhalamba ina, dzina lake Phaenops, imene ana ake aamuna aŵiri adaphedwa pa nkhondo tsiku limodzi. Popeza idalibe mwana wina, chuma chake chidagwa m'manja mwa acherostai amenewo, abale akutali amene amatulukira pamene nyumba yatsala yopanda mwini. Kodi ndani mwa ife sadaŵaonepo anthu otereŵa atakhala pasiwa, misozi ili kutali, maso ali pa malata?

Liu la Chifalansali lisadafike, Angerezi adali ndi lao lakuti yrfe, limene linkatanthauza chuma chosiyidwa, ndiponso ziŵeto, monga momwe kwa Angoni chuma ndi ng'ombe zidaliri chinthu chimodzi. M'Chingerezi liu limeneli lidafa, koma mbale wake akali moyo m'Chijeremani, m'liu lakuti Erbe. Tsono yrfe ndi Erbe ngamuzu umodzi ndi liu la Chigriki lakuti orphanos, kumene kudachokera orphan, mwana wamasiye. Taonani tsono, aŵerengi athu: liu lakale la Angerezi lidali litabereka mwana wamasiye kumsana, ndipo latsopanoli lidafika litagwira mai wamasiye pa dzanja.

Kusiya ndi kuloŵa

M'Chicheŵa sitisoŵa kukumba mozama chotere, pakuti mizu ya mau athu ili pamtunda. Nkhani yonse ya chuma cha akufa yatsamira pa aneni aŵiri. Woyamba ndi kusiya. Womwalira timati watisiya. Mkazi wake ndi wamasiye, mwana wake ndi wamasiye, ndipo katundu wake ndi chuma cha masiye. Zimene Agriki ndi Angerezi adazipatula m'mau osiyana, makolo athu adazimanga mtolo umodzi, kotero kuti palibe munthu angatchule chumacho osatchula anthu amene akulira pambali pake.

Mneni wachiŵiri ndi kuloŵa. Timati kuloŵa ufumu, kuloŵa dzina, kuloŵa m'malo, ndipo chimene woloŵayo wachipeza ndicho choloŵa, liu limene omasulira Baibulo m'Chicheŵa adaligwiritsa ntchito kaŵirikaŵiri. Kuloŵa nkosiyana ndi kutenga. Wotenga amanyamula nkumapita kwao. Woloŵa amaŵerama pakhomo nakhala m'kati, ndipo denga likadontha limadonthera iyeyo. Ngakhale mneni wa Chingerezi uja wakuti inherit poyamba ankatanthauza kuloŵetsa munthu, kumuika kuti akhale woloŵa. Tanthauzo la kulandira lidachita kubwera pambuyo.

Kwa Acheŵa ndi Ayao a kuno kunyanja, mwini mbumba akamwalira dzina limapita kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wa mlongo wake. Kale woloŵayo ankalandira mkondo, nkhwangwa, mwina ndi mbuzi zingapo. Koma ankalandiranso alongo ndi ana ao onse, milandu imene malemu adaisiya isadathe, unkhoswe wa maukwati, ndiponso udindo wotsira nsembe kwa mizimu ya mbumbayo. Mwana wa m'mbumba akapalamula, wokagwada pabwalo ndi kulipa adali iyeyo, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Angoni a Kachindamoto, amene adatsikira ku Mtakataka m'zaka za m'ma 1890, adabwera ndi mwambo wotsata kuchimuna, wakuti mwana ndiye aloŵe m'malo mwa bambo wake. Komabe pa mfundo iyi sadasiyane ndi anthu amene adaŵapeza: woloŵa m'khola ankaloŵanso m'mavuto a nyumba zonse za bambo wake.

Mwambi wa Aroma

Aroma, eni liu lakuti heres, adali ndi maganizo ofanana ndi ameneŵa. Pa malamulo ao woloŵa m'malo ankaima pamene padaima womwalira, pa zokoma ndi pa zoŵaŵa zomwe. Minda idali yake, ngongole zidali zakenso. Kuonjeza apo ankasenza sacra, ndiye kuti nsembe za pabanja zimene zinkaperekedwa pa masiku ake kwa milungu ya nyumbayo ndi kwa mizimu ya makolo, ndipo nsembe zimenezi zinkadya chuma ndi nthaŵi. Ngongole zikachuluka kupambana minda, akatswiri a malamulo ankati imeneyo ndi damnosa hereditas, choloŵa chosaukitsa. Tsono munthu akapeza phindu popanda vuto lililonse, monga kutola nkhwangwa ndi mpini womwe, Aroma ankamuseka kuti wapeza choloŵa chopanda nsembe. Mwambiwo unkakoma chifukwa aliyense ankadziŵa kuti choloŵa chotere sichipezeka. Ife tikadati: walira mvula walira matope.

Pa chinthu chimodzi liu la heritage nloyenera kuliyamika. Pangano la UNESCO la 1972, limene Angerezi amaliŵerenga ndi liu lakuti heritage, Afalansa amaliŵerenga ndi liu lakuti patrimoine, ndipo anzathu a ku Mozambique, kuseri kwa malire a Dedza, amati património. Aŵiriŵa ngochokera ku patrimonium, kuchokera ku pater, bambo: chuma cha bambo. Mnzake wa liu limeneli ndi matrimonium, kuchokera ku mater, mai, koma tanthauzo lake ndi ukwati. M'mau a Aroma chuma chidali cha bambo, ndipo gawo la mai lidali ukwati ndi kubala. Mcheŵa amene akulima munda wa amai ake, umene iwonso adaupeza kwa amai ao, angadabwe nazo zimenezi. Heritage silitchula bambo kapena mai, choncho lingathe kukhala pakati pa Acheŵa, Ayao ndi Angoni popanda kukondera.

Nanga liu lobadwira pamaliro lidafika bwanji pa zikwangwani za alendo? Njira yake idadzera ku England komweko. Mu 1895 kudakhazikitsidwa bungwe la National Trust, loti lizisunga malo okongola ndi nyumba zakale. Patapita zaka, ana a mabanja olemera adayamba kulephera kulipira msonkho waukulu umene boma linkadula pa chuma cha masiye, ndipo nyumba zambiri zikuluzikulu zidaperekedwa ku bungwelo, nizitsekulidwa kuti anthu aziloŵa kudzaona atalipira pakhomo. Mu 1983 nyumba ya malamulo ya kumeneko idakhazikitsa bungwe lodziŵika ndi dzina lakuti English Heritage, ndipo mu 1987 mlembi wina, Robert Hewison, adatulutsa buku lotchedwa The Heritage Industry, lodandaula kuti dziko lake lasandutsa zakale kukhala malonda. Liuli lidatifika litavala chovala chomalizachi. Woloŵa weniweni, wa ngongole ndi nsembe uja, adatsala m'njira, ndipo m'malo mwake mudaima mlendo wogula tikiti.

Pa Mua

Pa Mua mpamene tingaliyese bwino liu limeneli. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika pamenepa mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri, makamaka m'ma 1920, padali mkangano waukulu pakati pa mishoni ndi nyau. Ankalimbirana anyamata, ankalimbirana maliro, mpaka madandaulo ankafika ku boma. Ian Linden adalemba mbiri ya mkanganowu m'buku lake la mu 1974. Tsono mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu adaŵapatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa KuNgoni pa mishoni pomwepo, ndipo pambuyo pake padamangidwa Chamare Museum, nyumba imene idasonkhanitsa zigoba za gule zoposa 400 pamodzi ndi zipangizo za Angoni ndi za Ayao. Zimene m'badwo wina udazipirikitsa, m'badwo wotsatira udazimangira nyumba.

Ntchito imeneyi njoyenera kuitamanda, ndipo sitikuichepetsa. Zigoba zambiri zikadatha ndi chiswe, nyimbo zambiri zikadapita kumanda ndi eni ake, ndipo matanthauzo amene Bambo Boucher adaŵalemba m'buku lao la mu 2012 akadaiŵalika. Anyamata ambiri adaphunzira kusema ndi kujambula pamenepa, nalera mabanja ao ndi luso limenelo. Komabe nyumba yosungiramo zakale ingathe kusunga chigoba, koma singathe kusunga maliro. Gule kwao nkudambwe ndi kumanda. Amatuluka pa maliro, pa chinamwali, poloŵetsa mfumu ndi pokumbukira akufa. Chilombo chachikulu chija cholukidwa ngati ntchefu, chimene amachilemekeza monga mai wa gule yense, dzina lake ndi Kasiyamaliro, ndipo mneni wathu uja wa kusiya akumveka m'dzinamo. Munthu angathe kutsutsana ndi gule pa zinthu zambiri, monga momwe Mpingo udatsutsirana naye, koma palibe angakane kuti ntchito yake idali pakati pa anthu olira. Gule yemweyo akavinidwa masana pabwalo la hotela kapena pa msonkhano wa ndale, kwa mphindi zoŵerengeka, alendo naomba m'manja naponya ndalama, fumbi limabuka monga kale, koma palibe wosiyidwa amene watonthozedwa ndipo palibe woloŵa amene walangizidwa. Chimenecho ndicho choloŵa chopanda nsembe.

Tisamvane molakwa. Sitikuitana Akhristu kuti abwerere kukatsira ufa patsinde pa msolo. Nsembe imene tikunena pano ndi chilichonse chimene munthu amachitaya chifukwa chakuti waloŵa: nthaŵi yake, chimanga cha m'nkhokwe mwake, tulo take. Wosema amene amanyadira luso la makolo, koma sabzala mtengo ngakhale umodzi m'malo mwa imene wadula, wadya choloŵa osapereka nsembe yake. Nkhalango ya Mua-Livulezi ikamatsikira kumseu m'matumba a makala, ndiponso chambo chikamagwidwa chikali kasawala, ndiye kuti tikukonzera ana athu damnosa hereditas ija. Adzaloŵa m'dziko la zigwembe ndi madzi osefukira, ndipo iwo alibe bwalo lokakanirako.

Pasiwa

Kumene matendaŵa amaŵaŵa kwambiri ndi pasiwa. Apa liu lodwala si la Chingerezi lokha ai, koma lathu lomwe. Choloŵa chafota mpaka chatsala katundu yekha. Msodzi akamwalira m'mbali mwa nyanjamu, abale amene sadapondepo pakhomo nthaŵi ya matenda amafika kumeta kusadachitike, ataŵerenga kale bwato, injini, chilimira, njinga, malata ndi matumba a mpunga. Akafunsidwa amayankha kuti ndi mwambo wathu, chuma cha mwamuna ncha kwao. Komatu mwambo umene akuutchulawo adaudula pakati. Malume ankatenga mbuzi za mbale wake chifukwa adali ndi mbumba yoti aidyetse, ndipo ana a malemu adali ndi malume wao amene ankaŵasamala. Lero bambo amalima, amagula malata ndipo amalipira sukulu pamodzi ndi mkazi wake, malume ali ku tauni ndi ana akeake, ndiye bambo akamwalira anawo amaluza mbali zonse ziŵiri. Akuchimuna atenga chuma m'dzina la mwambo, ndipo akuchikazi akana udindo m'dzina la moyo wamakono. Acherostai a Homer aja akanafika pa maliro otere sakadadziona achilendo.

Malamulo a dziko adayesa kuloŵererapo. Lamulo la mu 1967 linkati munthu wamwamuna akamwalira wopanda wilo m'maboma a chikamwini, monga kuno ku Dedza, mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo alandire magawo 2 mwa magawo 5, ndipo magawo 3 otsalawo apite kwa oloŵa a mwambo. Kumpoto ndi ku Nsanje ankagaŵa pakati ndi pakati. Lamulo limeneli lidapatsa oloŵa a mwambo gawo lao popanda kuŵafunsa nsembe. Mu 2011 nyumba ya malamulo idalichotsa, nikhazikitsa latsopano limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo pa abale ena onse, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wotengera munthu kundende. Tinganene kuti pakati pa aneni athu aŵiri aja, lamulo latsopanoli lidasankha kuima ndi osiyidwa, ndipo lidachita bwino. Koma lamulo lingathe kubweza bwato, silingathe kubweza malume. Mwana amene walanditsa malata a bambo wake ku khoti, nataya abale onse a bambo wakeyo, wapambana mlandu koma umasiye wake wakula.

Apa mpamene tikuona kuti wolanda chuma pasiwa ndi wogulitsa gule kwa alendo akudwala nthenda imodzi. Onse aŵiri amatchula makolo, ndipo onse aŵiri amatenga osaloŵa.

Woloŵa amaŵeruzanso

Wina angatifunse kuti: kodi tsono chilichonse chimene makolo adasiya tiyenera kuchisenza? Iyai. Mneni wa kuloŵa ali ndi chilema chake, ndipo chimaoneka m'mau akuti kuloŵa chokolo. Mwambo umenewu udayamba ngati njira yosamalira mai wamasiye, koma udamuŵerengera pamodzi ndi mbuzi ndi makasu, ngati kuti iye alibe pakamwa. Matenda a Edzi atapezeka m'dziko muno mu 1985, mwambowo udasanduka njira ya imfa. Mtolo umodzi uja wa masiye, umene tauyamika, umakhala wabwino pokhapokha anthu a m'mtolomo akaŵerengedwa ngati eni, osati ngati katundu. Woloŵa m'nyumba ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wozula mzati umene wafumbwa.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Mai Theresa Kachindamoto adagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27. Adali chitsiriza m'banja la ana 12, ndipo ufumu sankauyembekeza. Mu 2003 akuluakulu adakaŵatenga kuti adzaloŵe dzina, iwo navomera. Atafika adapeza atsikana a zaka 12 atabereka ana kumsana. Sadanene kuti ndi chikhalidwe chathu. Adasonkhanitsa mafumu ao aang'ono, adagwirizana nawo malamulo a m'dera, adaimitsa paudindo mafumu amene ankalola maukwati a ana, ndipo pofika 2016 adali atathetsa maukwati otere oposa 800, nabweza anawo ku sukulu. Adalimbananso ndi mwambo wa kusasa fumbi. Ambiri adaŵada, ena adaŵaopseza. Dziko lidatsatira pambuyo: lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatira. Pamene adamwalira mu 2025 adali atadziŵika m'maiko ambiri. Mai ameneŵa adavala mikanda ndi chikopa cha ufumu wa Angoni monga oloŵa ena onse, koma choloŵa chao chidali mbumba, ndipo nsembe yake adaipereka.

Muyeso umenewu sukulambalala ife ansembe. Liu la Chingerezi lakuti clergy, lonena za atsogoleri a Mpingo, nlochokera ku liu la Chigriki lakuti kleros, limene linkatanthauza maere, kenaka gawo la munda logwera munthu pa maere, kenaka choloŵa. Jerome Woyera, polembera wansembe wachinyamata Nepotianus mu 394, adamukumbutsa kuti ayambe wamvetsa dzina lakelo, pakuti fuko la Levi silidalandire dziko pamene mafuko ena ankagaŵana. Gawo lake lidali Mulungu. Mishoni ya Mua ndi choloŵa cha mtundu womwewu. Amene adaimanga adasiya nyumba za njerwa zimene alendo amazijambula, koma adasiyanso odwala, akhate ndi ana osamva amene mishoniyo idaŵalandira m'zaka zake. Woloŵa pamenepo ndi amene walandira zonse ziŵiri.

Tilimasulire bwanji?

Ife tikupempha omasulira nkhani, aphunzitsi ndi olemba zikwangwani kuti akafika pa liu lakuti heritage azinena kuti choloŵa. Chikhalidwe ndi liu labwino, koma silifunsa munthu kanthu. Aliyense ali ndi chikhalidwe, ngakhale mbala. Choloŵa chimafunsa kuti adasiya ndani, wasiyidwa ndani, ndipo waloŵa ndani. Tikanena kuti miyala ya ku Chongoni ndi choloŵa chathu, tadzimanga tokha kuti mwana wolemba dzina lake ndi makala pa zojambulazo tizimdzudzula ngati wathu. Tikanena kuti gule ndi ngoma ndi choloŵa chathu, tavomera kuti tidzafunsidwa za anamwali ndi za amasiye a m'midzi imene maguleŵa amavinidwa.

Pasiwa napo mafunso ndi omwewo. Mwini bwato akali moyo alembe wilo, aiŵerenge pamaso pa mboni, ndipo auze abale ake zimene walemba, kuti pasadzakhale wonamizira mwambo. Tsiku la kumeta, ankhoswe ndi mafumu asayambe ndi kuŵerenga katundu. Ayambe ndi kuŵerenga anthu: ana angati, ali m'makalasi ati, mai wao adzagona kuti, adzalima munda uti, ngongole ya malemu idatsala zingati. Pambuyo pake mbale amene akufuna chikumbutso cha malemu aimirire, ndipo mfumu imufunse pamaso pa mudzi wonse kuti mwa ana aŵa adzalera uti, ndipo fizi ya chaka chamaŵa adzapereka ndani. Amene ayankha funso limenelo ndiye heres wa Aroma, ndiye woloŵa wa makolo athu. Amene akhala chete apatsidwe malaya amodzi a malemu, athokozedwe chifukwa chobwera kudzalira, ndipo aperekezedwe mpaka pamseu.